Mwezi ndi Theka

Mudzi wa Mateyu Ngwira, Jenda
7 Novembala 2022

Achemwali anga a Perpetua,

Moni wochuluka. Muli bwanji ku Boma kumeneko? Kuno tiliko bwino. Mwana wanga Tionge watalika moti madiresi onse amuthera m'maondo. Apongozi aamuna bondo lija likuwavutabe, ndipo nazale ya fodya yamera bwino.

Nkhani iyi sindikanaiyankhula pafoni. Mukudziwa kuti foni imene amuna anga a Zondwayo anatumiza kuchokera ku Joni imakhala pachifuwa pa apongozi aakazi, ndipo ikalira amakweza mawu kuti mudzi wonse umve nawo. N'chifukwa chake kalatayi ndapatsira a Chester, alangizi athu a zaumoyo, amene akubwera ku Boma kudzatenga katemera.

Lachisanu kunabwera anamwino awiri pagalimoto kudzayeza amayi khansa ya khomo la chiberekero. Ine ndinangoperekeza NyaMoyo, mnzanga wa kudimba, koma anzanga atandiseka kuti ndine wamantha ndinalowa nawo. Anandipaka viniga, yemweyu wothira mu tchipisi, n'kuunika ndi tochi. NyaMoyo anatuluka akuseka. Ine anandiuza kuti ndikhale kaye pansi.

Akuti aona timawanga toyera. Akuti si khansa, koma ndi njira yake. Anali ndi kamakina koti akanandiwotcha nako tsiku lomwelo, n'kuthana nazo. Ndinali nditavomera kale, achemwali, chitenje chili m'manja, pamene namwino wamkulu anati: "Koma mayi, tikawotcha, mwezi ndi theka osakhala malo amodzi ndi abambo."

A Zondwayo akubwera Khrisimasi ino patatha zaka ziwiri, ndipo tsiku lake sananene. Munthu wochokera kutali choncho, wodzakhala milungu itatu yokha, ndikamuuze kuti gonani uko? Ndinawapempha anamwinowo kuti ndikaganize kaye. Analongedza kamakina kawo.

Ndiuzeni inu odziwa, kodi n'chinthu choti sichingadikire Januwale? Sindikumva kupweteka paliponse. Ndikulima, ndikusenza madzi monga kale. Musauze munthu, ndapota nanu. Mukapeza mafuta opaka bondo aja mutumizeko.

Mng'ono wanu,
Philomena


Mzimba Boma
10 Novembala 2022

Philomena mng'ono wanga,

Moni. Ine ndili bwino, ntchito yokha ndi imene yatipanikiza ndi kolerayu. Mafuta a bondo ndatumiza. Tsopano khala pansi undimvere, chifukwa kalata yako ndaiwerenga yonse.

Chitenje chinali m'manja, iwe n'kuvalanso! Iwe Philo, khalidwe lako lija lothawira m'chimanga ukamva za jakisoni silinathebe?

Ife akuchipatala matenda timalimbana nawo pa masitepe atatu, ndipo ndikufotokozera monga mmene mayi ankasungira chimanga kwathu ku Nkhamenya. Poyamba ankathira mankhwala m'thumba anankafumbwe asanalowe. Kumeneko ndiko kupewa. Pa khansa imeneyi, kupewa ndi katemera amene timabaya atsikana a zaka zisanu ndi zinayi, kachirombo koyambitsa matendawa kasanawapeze. Iwe ndi ine tinabadwa kale, zimenezo zinatipita. Kachiwiri, ankapisa dzanja m'thumba nthawi ndi nthawi. Akaona kaufa m'zala, ankayanika msanga, chimanga n'kupulumuka. Apa ndi pamene uli iwe: apeza msanga, ndipo kuwotcha kumachotseratu. Kachitatu ndi pamene thumba lafumbwa kale, ungopeta kuti upulumutse zotsala. Kwa munthu ndiko kudula, kuchotsa ziwalo, kuchepetsa ululu. Ine ndimagwira mu wodi ya amayi. Sitepe yachitatuyo ndimaiona tsiku ndi tsiku, ndipo sindikufuna kudzakupeza iwe pa mabedi amenewo.

Zoti sichikupweteka usadzitonthoze nazo. Chikayamba kupweteka ndiye kuti chafika patali.

Ndawerengetsera bwinobwino. Ukabwera sabata ino, mwezi ndi theka udzakwana Khrisimasi isanafike, ndipo alamu anga sadzadziwa n'komwe. Anthu a ku Joni sanyamuka mabwana awo asanatseke ntchito pakati pa Disembala. Apongozi ako uwauze kuti ndadwala ndine, ukudzandizonda. Kamakina kaja tili nako konkuno. Kwera minibasi pa Jenda, undipeza pa siteji.

Sabata ino, Philo. Osati ya mawa.

Mkulu wako,
Perpetua


Mudzi wa Mateyu Ngwira
15 Januwale 2023

Achemwali,

Moni wa chaka chatsopano. Muli bwanji? Ife tiliko, mvula ikugwa bwino.

Kalata yanu inandipeza pa 9 Disembala. A Chester atangochoka kwa inu anawatumiza ku msasa wa odwala kolera, kalata ili m'chikwama, ndipo anakhalako mwezi wonse. Musawakwiyire, abwerako ataonda kwambiri. Nditawerenga mawu oti "sabata ino" ndinakalirira kuseri kwa chigafa cha fodya, poti sabata yakeyo inali itapita kalekale. Patatha masabata awiri a Zondwayo anafika.

Mufunsa chifukwa chake sindinawauze. Ndinayesa, achemwali, koma ndinalephera. Inu za kuno simuzidziwa bwino. Mwamuna akabwera kuchokera ku Joni, tsiku loyamba amakhala ndi amayi ake ndi alongo ake, iwo n'kumufotokozera za mkazi wake: anapita kuti, anaseka ndi yani. Akatero amatchera khutu kunyumba kwathu. Chaka chatha NyaGondwe wa kuseri kwathuku anakaniza mwamuna wake kumphasa, ati akudwala. Anthu anati wabisa matenda a chiwerewere. Anamuperekeza kwawo ndi chikwama chimodzi, ana atatu n'kutsala, poti ng'ombe za lobola zinapita kale. Anawo ndimawaona m'mawa uliwonse pa mjigo.

Namwino uja ananenanso kuti kachiromboka kamadzera m'kugonana. Ndikanangotchula zimenezo, funso likanakhala limodzi: "Ukatora kwa njani?" Kuti ndinakatenga kwa yani, ine amene sindidziwa mwamuna wina. Zimene amuna amachita ku Joni palibe amafunsa.

Kwathu mwana ndi wa mayi. Kuno Tionge ndi wa a Ngwira. Khansa ndikuiopa, koma kuchoka pano wopanda Tionge ndikukuopa koposa.

A Zondwayo anyamuka dzana. Tikangomaliza kuthira feteleza wachiwiri ndibwera.

Philomena


Mzimba Boma
20 Febuluwale 2023

Philo,

Moni. Feteleza wachiwiri anthu anathira kalekale, chimanga chatulutsa ngayaye. Uli kuti?

Tsiku lililonse loyeza amayi ndimasuzumira pamzere, mwina ndiona duku lako. Ndinaimba foni ya apongozi ako. Anandisimbira za mvula, za bondo, za ng'ombe yothyoka mwendo. Za iwe anangoti uli ku fodya. Zengerezu adalinda kwawukwawu, mng'ono wanga.

Za kachiromboko usadziweruze. Anthu ambiri okwatira amakatenga osadziwa, ndipo kamatha kukhala phee m'thupi zaka ndi zaka. Mwina unakatenga chaka chomwe unalowa m'banja. Si umboni wa chiwerewere, ndipo ndingakanene zimenezi pamaso pa aliyense.

Undilole ndiwalembere alamu. Ine ndi a Zondwayo timaseka, sangandikwiyire. Usiku sindikugona chifukwa cha iwe. Ndiyankhe.

Perpetua


Mudzi wa Mateyu Ngwira
19 Malichi 2023

Achemwali,

Moni. Pepani pokhala chete, ndimafuna nditsimikize kaye.

Ndili ndi pakati. Ndinapita ku sikelo, ndinawauza zonse, ndipo namwino wa kumeneko akuti sangawotche munthu woyembekezera. Akuti tidikire mwana abadwe, thupi lipole.

Mukanaona mmene mudzi uno wasinthira! Chibadwire Tionge ndakhala ndikumva mawu a m'mbali, oti ng'ombe zawo zinagula mwana mmodzi. Lero apongozi aakazi sakundilola kusenza nkhuni. Apongozi aamuna, amene sindiwayang'ana kumaso, atuma mwana kudzandipatsa mazira. A Zondwayo anaimba foni akuseka ngati mnyamata.

Ndasangalala, sindinama. Koma ndikagona ndimagwira pamimba n'kumaganiza kuti muno mukukula zinthu ziwiri m'nyumba imodzi, ndipo sindikudziwa chimene chikukula msanga.

Kwa a Zondwayo musalembe. Lumbirani, achemwali. Panopa ndiye nthawi yoipiratu, angayambe kufunsa kuti mimbayi ndi ya yani. Mwana akangobadwa ndibwera, ndipo mudzandimange ndi chingwe ngati mbuzi ndikadzazengerezanso.

Mukapeza nsalu za matewera munditumizireko.

Philomena


Mzimba Boma
12 Novembala 2023

Make Tumbikani,

Moni. Dzina latsopanoli likukukhala bwino. Ali bwanji kamnyamata kanga? Kakuyamwa? Tsiku lija ndinabwera kudzamuona ndinangoti kakasi, nkhope yonse ndi ya malemu bambo athu, a Ngwira angolandirapo makutu.

Ndinalumbira, ndipo ndasunga pakamwa panga miyezi yonseyi. Tsopano ndi nthawi yako. Mwana wabadwa, thupi lapola, chaka chathunthu chapita chikupezere timawanga tija. Sindikudziwa kuti tafika pati. Mwina tikadali toti n'kuwotcha, mwina pafunika kudula pang'ono. Sitingadziwe popanda kuona, ndipo kusadziwako ndi kumene kukundidya.

Bwera sabata ino ndi mwana kumsana. Kalatayi a Chester akupatsa m'manja lero lomwe, ndawaopseza mokwanira.

Chinanso, Tionge wakwanitsa zaka zisanu ndi zinayi. Katemera uja akafika pasukulu pawo, usalole kuti amuphonye.

Perpetua


Mudzi wa Mateyu Ngwira
19 Novembala 2023

Achemwali,

Moni. Tumbikani ali bwino, wanenepa. Kalata ndailandira tsiku lomwelo.

Ndiyambe ndi yabwino. Katemera anafika kale pasukulu. Apongozi aakazi anati Tionge asapite tsiku limenelo, ati ndi jakisoni woumitsa chiberekero kuti atsikana asadzabereke. Ndinawayankha kuti yewo amama, kenaka ndinamutuma Tionge kuchigayo, yunifolomu ili pansi pa chimanga m'dengu. Anabayitsa. Mwana wanu ndamuimika pa sitepe yanu yoyamba ija.

Koma ine sindibwera. Musang'ambe kalata, werengani kaye.

Ndinawauza apongozi kuti ndikufuna kupita ku Boma ndi mwana. Anagwira pakamwa. Tumbikani sanatengedwe. Mukudziwa mwambo wake, ngakhale kwathu ulipo: mwana amakhala wosakhwima mpaka bambo ndi mayi ake atabwerera kumphasa koyamba chibadwire iye. Asanatero saloledwa kukhudzana ndi anthu wamba, angamusemphe, atupe, afe. Nanga mu minibasi, mmene amapatsirana mwana ngati katundu? Anandifunsa ngati ndikufuna kupha mwana wamwamuna yekhayo wa Zondwayo. Kumusiya sindingathe, akuyamwa.

Ndipo a Zondwayo apempha tchuthi msanga chaka chino chifukwa cha mwambo womwewo. Afika kumayambiriro kwa Disembala, azimayi akuluakulu akonza kale zonse. Nditawotchedwa lero, tsiku limenelo ndidzanena chiyani? Kuti mwana adikire? Ndipo akadzangotsokomola, mlandu udzakhala wa yani?

Mukuti zimenezi n'zachikale, ndikudziwa. Mwina n'zoona. Koma inu mumagona ku Boma, ine ndimagona kuno.

Januwale, achemwali. Ulendo uno zoona.

Philomena


Mzimba Boma
3 Malichi 2024

Alamu a Zondwayo,

Moni ku Joniko. Ndikhulupirira munayenda bwino pobwerera. Mudabwa kulandira kalata yanga, poti ine ndi inu timangodziwana pa nthabwala. Lero nthabwala palibe. Ndapatsira a Aaron, amene amanyamula katundu wa anthu pakati pa Joni ndi Mzimba, chifukwa nkhaniyi si ya pafoni.

Ndikuphwanya lumbiro limene ndinapanga kwa mng'ono wanga. Mulungu andikhululukire.

Mu Novembala 2022 mkazi wanu anayezedwa, n'kupezeka ndi zizindikiro zoyamba za khansa ya khomo la chiberekero. Inali isanakhale khansa. Mankhwala ake ndi kuwotcha pamalopo ndi kamakina, ntchito yosatenga ndi ola lomwe. Chovuta n'chimodzi: akawotchedwa amayenera kukhala mwezi ndi theka osagona ndi mwamuna kuti bala lipole. Philomena anaopa kukuuzani. Anaopa kuti mumuganizira zoipa, mumuthamangitsa, ana n'kutsala. Ndikukuuzani monga namwino kuti matendawa sasonyeza kuti munthu anayenda njira zoipa. Mkazi wanu ndi wokhulupirika, ndipo mantha akumupha.

Mwezi wathawu ndinapita kumudzi kukamutenga. Anandilandira bwino, anandiphera nkhuku. Nditapempha kuti ndipite naye ku Boma, bambo anu anafunsa mwaulemu kuti akudwala chiyani, poti akumuona akuthyola fodya bwinobwino. Ndikanatchula bwanji za kumalo obisika a mkamwana pamaso pa apongozi ake aamuna? Ndinangoti ndi za amayi. Iwo anati: "Mweneko wa nthengwa wali ku Joni." Mwini banja ali ku Joni, ndiye anene. Anati tikuimbireni pomwepo, mawu ali pamtunda, alongo anu atazungulira. Philomena anandiyang'ana ndi maso amene sindidzawaiwala, ndipo ndinati basi, tidzaimba tsiku lina.

Ndinabwerako ndekha. Koma ndinamuona mmene akukhalira pansi, mmene akugwirira m'chiuno akamadzuka. Ndine namwino, alamu, ndipo ndikuchita mantha.

Sindikupempha ndalama. Ndikupempha mawu amodzi. Imbirani bambo anu, muwauze kuti NyaPhiri apite ku Boma kwa mkulu wake. Basi.

Mlamu wanu,
Perpetua Phiri


Mudzi wa Mateyu Ngwira
4 Ogasiti 2024

A Perpetua,

Sindifunsa za moyo wanu, poti wanga simunauganizire.

Munalumbira. Munalemba chiyani kwa a Zondwayo? A Aaron atabwera mu Epulo anadzapereka moni kwa apongozi, n'kutchula mosadziwa kuti ananyamula kalata ya anesi ya kwa a Zondwayo, ndipo anakaisiya kuchipinda kwawo. Chiyambire Malichi bambo a Tionge sanaimbepo foni. Nambala yawo sikupezeka. Sanatumize kanthu, ngakhale sopo wa mwana. Munthu amene sankatha Lamulungu osaimba!

Apongozi aakazi amandifunsa pafupifupi tsiku lililonse zimene munalembera mwana wawo: "Mukulu wako wakalemba vichi kwa mwana wane?" Ndimati sindidziwa. Alamu anga aakazi asiya kudya nane. Ndikudziwa chimene chachitika. Awerenga, akwiya, ndipo akungodikira Disembala kuti adzandiperekeze okha.

Makalata anu atatu ndinalandira. Mukuti ndingonyamuka. Nditatuluka pamudzi pano panopa popanda mawu awo, adzati NyaPhiri wadzichotsa yekha, wathawa mlandu, ndipo khomo ili sindidzalowanso. N'chifukwa chake ndakhala. Ndimati ndikhale pafupi ndi ana mpaka tsiku limene adzandichotse.

Ndinati sindikulemberaninso, koma ndilibe wina womuuza. Kuyambira nthawi yokolola ndikutaya magazi osakhala a kumwezi. Poyamba anali madontho. Tsopano ndimachapa nsalu kawiri patsiku, n'kukayanika m'chigafa kuti asaone. Kukutulukanso madzi a fungo, moti kutchalitchi ndimakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo. Msana ukuwawa ngati wina akukhomamo msomali. Dzulo ndinagwa pa mjigo. Tionge ndiye anandidzutsa, ndipo sanalire, anangondifunsa kuti, "Amama, mufa?"

Munati chikayamba kupweteka ndiye kuti chafika patali. Patali pake ndi pati, achemwali? Ndikuopa. Ndikuopa kwambiri.

Philomena


Mzimba Boma
7 Ogasiti 2024

Philo,

Unditukwane mmene ungathere, bola uli moyo. Loweruka m'mawa ndikubwera ndi galimoto. Sindidzapempha munthu. Ngati bambo Ngwira adzafunsenso kuti ukudwala chiyani, ndidzanena dzina lake lenileni pabwalo, amve ndi ana omwe, manyazi adzatigwire tonse. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Longedza zitenje ndi buku lako la kuchipatala. Usadzanyamule china cholemera.

Perpetua


Kuchipatala, Mzuzu
29 Seputembala 2024

Achemwali anga,

Moni. Munafika bwino ku Boma? Kalatayi ndapatsira adalaivala a ambulansi amene akubwerera kwanuko. Pafoni ya a gadiyani anzathu ndikanangolira, inu osamva kanthu.

Choyamba, pepani chifukwa cha kalata ija. Tsiku lija munaima pabwalo n'kunena zonse, apongozi aamuna atavundikira nkhope ndi chipewa, ndinkafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Koma palibe anandilozapo chala. Apongozi aakazi anangoti ana atsale, kuchipatala si malo a ana. Tumbikani anamuchotsa kubere tsiku lomwelo. Kulira kwake ndimakumvabe m'makutu.

Zotsatira za kanyama kamene anadula pa khomo la chiberekero kuti akayeze zabwera. Mukudziwa kale, poti ndinakuonani mukuyankhula Chingerezi ndi adokotala pakhonde, kenaka munapita kukasamba kumaso musanabwere kwa ine. Munandiuza kuti tidikire kaye. Lachisanu adokotala anandiitana ndekha. Ndi munthu wabwino, anakoka mpando n'kukhala pafupi. Ndinawauza kuti ndakonzeka, awotche. Anati nthawi yowotcha inapita. Ndinati basi chotsani chiberekero chonsecho, ana awiri andikwana. Anayang'ana pansi, n'kunena kuti chinthucho chatuluka kale m'chiberekero, chagwira ndi m'mbali, ndipo mpeni sungachimalize. Anatchula za chithandizo china cha kutali, chokhala ndi mzere wautali, ati alemba dzina langa. Kenaka anandipatsa botolo la mankhwala amadzi oletsa ululu, otchedwa mofini, ndipo akuti andilumikiza ndi gulu loyendera odwala kunyumba.

Mankhwalawo akuthandiza, ndikugona. Koma mayi wa bedi loyandikana nane anali ndi botolo ngati lomweli, ndipo dzana anamutchingira makatani.

Ndiuzeni zoona, musandinyengerere ngati mwana. Kodi uku ndiye kupeta kuja? Ndipo mukapeta thumba ngati ili, chimatsala n'chochuluka bwanji? Kodi ndingafike poona Tumbikani akuyankhula?

Anditulutsa sabata ya mawa. Sindikudziwa kolowera. Kumudzi sindinamve mawu a mwini banja, ndipo sindikudziwa ngati ndikadali mkazi wa pamenepo. Ngati n'kotheka ndifikire kwa inu. Mupemphe apongozi, mwaulemu ulendo uno, kuti Tionge abwere ngakhale Loweruka limodzi. Ndikufuna ndimuluke tsitsi.

Ngati a Zondwayo angamveke, muwauze kuti sindinawachimwire.

Mng'ono wanu,
Philomena


Joni
2 Okutobala 2024

Monire alamu a Perpetua,

Muli uli ku Boma? Ine ndiliko, Chiuta ndi wamkulu. Phepani chomene chifukwa chokhala chete, munaganiza kuti mlamu wanu watchona. Mu Malichi apolisi anatigwira pa ntchito chifukwa cha mapepala, mbwenu kutitsekera. Foni inapita, manambala onse anapita. Miyezi yonseyi ndinali mkati, osadziwa ngati atitumiza kumudzi kapena ayi. Abwana anga ndiwo andilowerera, ndatuluka sabata yatha.

Nditafika kuchipinda mnzanga anandipatsa kalata yanu, anaisunga mu sutikesi. Ndaiwerenga katatu. Alamu, ndalira ngati mwana.

Mwezi ndi theka! Nadi NyaPhiri wavutika zaka ziwiri chifukwa cha mwezi ndi theka? Ine amene ndimakhala chaka chonse kuno ndikudziphikira ndekha, ndikanalephera kudikira mwezi ndi theka? Amandiona ngati chilombo chanji? Mwina cholakwa n'changa, ndikabwera ndimakhalitsa kwa amama ndi alongo anga, iye ndimangomufunsa za fodya. Za kachiromboko sindifunsa munthu. Mwamuna wokhala ku Joni sangaloze mkazi wake chala.

Ndinabwereka foni n'kuimbira amama, ndiyo nambala yokha ili m'mutu mwanga. Akuti munabwera ndi galimoto n'kumutenga NyaPhiri mwaukali, munayankhula zolaula pamaso pa adada. Ndawauza kuti alamu anachita bwino chomene, ndipo amene anene zoipa za mkazi wanga adzayankha kwa ine. Adada ndawauzanso. Mawu amene munapempha aja ndi amenewa: NyaPhiri akhale kwa inu mpaka achire, ndipo nyumba ndi yake.

Ndikhulupirira mwamuwotcha kale ndi kamakina kanu kaja. Ngati akuzengerezabe chifukwa choopa Disembala, mumuuze kuti mwini wake ndalola, awotche sabata ino, mbwenu vyamara, basi zatha. Ndikabwera ndidzayala mphasa pabalaza, ndizigona ndi Tumbikani ngati anyamata awiri, ndipo amama akafunsa ndidzati msana ukundipweteka ndine.

A Aaron akunyamuka mawa, n'chifukwa chake ndalemba mothamanga. Munditumizire nambala yanu. Yewo chomene alamu, mwandisungira mkazi. Mumuuze asaope kanthu. Mwezi ndi theka si kanthu. Ndidikira.

Mlamu wanu,
Zondwayo Ngwira